DOTOLO WA MASO AMENE ANAPIMA LIWIRO LA MAGANIZO

Kale anthu ophunzira anali kukhulupirira kuti maganizo a munthu athamanga kwambiri kotero kuti palibe angathe kuwapima. Mmodzi wa anthu oyamba kusonyeza kuti zimenezi si zoona anali a Franciscus Donders, dotolo wa maso wa m'dziko la Netherlands.

A Donders anabadwira m'tauni ya Tilburg pa 27 May, 1818. Atate ao anamwalira iwo akali khanda, ndipo analeredwa ndi amai ao. Anaphunzira za mankhwala pa sukulu la madotolo a asilikali mu mzinda wa Utrecht, nagwira nchito m'gulu la nkhondo asanakhale mphunzitsi pa Yunivesite ya Utrecht.

M'caka ca 1858 anatsegula cipatala ca maso mumzindamo kuti amphawi osowa ndalama nawonso alandire thandizo. Mu 1864 anatulutsa buku lofotokoza cifukwa cace ena saona bwino zapatali pamene ena alephera kuona zapafupi, ndiponso mandala oyenera munthu aliyense.

Koma nchito imene inawachukitsa kunja kwa cipatala inafalitsidwa mu 1868. Iwo ndi wophunzira wao anali kugunda phazi la munthu ndi mphamvu yaing'ono ya magetsi, ndipo munthuyo anayenera kuyankha msanga ndi dzanja la mbali yomweyo. Poyamba anali kumuuziratu phazi limene lidzagundidwa. Pambuyo pace anasiya kumuuza, kotero kuti iye anayenera kuzindikira yekha ndi kusankha dzanja. Apa yankho linacedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 15 a sekondi. A Donders anaona kuti kanthawi koonjezekako ndiko kamene ubongo umatenga posankha.

Iwo anamwalira ku Utrecht pa 24 March, 1889, koma nzeru yao sinafe nawo. Mu 1952 katswiri wa ku Britain, a William Hick, anapeza kuti zosankha zikamaculuka, nthawi yosankhira nayonso ikula. Komabe siikula mofanana ndi ciwerengero ca zinthuzo. Kanthawi koonjezeka pocoka pa zinthu ziwiri kufika pa zinai kalingana ndi koonjezeka pocoka pa zinai kufika pa zisanu ndi zitatu.

Akatswiri okonza makompyuta ndi mafoni a m'manja agwiritsa nchito cidziwitso cimeneci lerolino. Amayesetsa kucotsa zosafunika pa galasi la makina ndi kuika zotsalazo m'dongosolo lomveka, kuti munthu apeze msanga cimene afuna. Mlimi amene atumiza ndalama za feteleza pa foni, nasankha nambala imodzi pa mndandanda waufupi, acita cinthu cimene dotolo wa ku Utrecht anayamba kupima zaka zoposa 150 zapitazo.