Alexander Whyte ndi Zamoyo za M'nkhalango

Chigwa cha Domasi chili pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa. M'nkhalango za m'mapiri aŵiriŵa mumapezeka anyani, nguluŵe, mbaŵala ndi mbalame zamitundumitundu. Mmodzi mwa anthu oyamba kulemba za zamoyo zimenezi m'mabuku anali Alexander Whyte.

A Whyte anabadwira ku Scotland m'chaka cha 1834. Anakhala zaka zambiri ku Ceylon, dziko limene tsopano likutchedwa Sri Lanka. M'chaka cha 1891, ali ndi zaka 57, anafika ku Zomba pansi pa ulamuliro wa Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda. Ntchito yawo inali yofufuza za zomera ndi nyama za m'dziko muno.

Masiku ano akatswiri amamangirira makamera pamitengo, monga amachitira ku Majete. Nyama ikadutsa, kamera imajambula yokha, usana kapena usiku, ngakhale m'nyengo yachisanu. M'masiku a Whyte zipangizo zotere kunalibe. Wofuna kudziŵa nyama ankayenera kukwera phiri ndi miyendo yake, kulonda mapazi ndi ndowe, ndi kudikira mwakachetechete.

Pa maulendo otere azungu ankadalira amtengatenga ndi alenje akuno. Anthu ameneŵa ankadziŵa kale njira za nyama, maina a mitengo ndi ntchito zake, ngakhale kuti maina awo sanalembedwe kaŵirikaŵiri.

A Whyte anatola masamba, maluŵa, mbalame ndi tinyama ku Zomba, ku Malosa, ku Mulanje ndi ku Nyika. Ankaziumitsa bwino, kulemba malo amene anazipeza, kenaka nkuzitumiza ku London kuti akatswiri akaziunike. Zambiri mwa izo zinali zachilendo kwa akatswiriwo. Mtengo wa mkungudza, umene anautola pa phiri la Mulanje mu 1891, unapatsidwa dzina lasayansi la Widdringtonia whytei powalemekeza. Iwo anayambitsanso munda woyeseramo mitengo ndi mbewu ku Zomba, pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi.

Atachoka kuno anakagwira ntchito yonga yomweyi ku Uganda. Anamwalira ku England m'chaka cha 1908.

Zimene anatola zikusungidwabe, ndipo zimatithandiza kudziŵa zamoyo zimene zinali m'mapiri athu zaka zoposa 100 zapitazo. Lero nkhalango zambiri zaperepeseka chifukwa cha moto wolusa, makala ndi kudula mitengo mosasamala. Mkungudza, mtengo wa fuko la Malaŵi, watsala pang'ono kutheratu ku Mulanje. Nkhalango ikatha, nyama zimathaŵa ndipo mitsinje monga Domasi imachepa madzi. Tiyeni tsono tisamale mitengo yotizungulira.

Mafunso
1. Kodi a Whyte anafika liti ku Zomba?
2. Ndani ankathandiza azungu pa maulendo a m'nkhalango?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene zikuwononga nkhalango.