Henry Tayali, mphunzitsi wa payunivesite yemwe ankajambula anthu a kumowa

Anzathu, makamaka inu amene mumajambula dzuwa likulowa m'nyanja n'kukagulitsa kwa alendo ku Cape Maclear, mwezi uno takutengerani munthu wa kwa aneba athu ku Zambia. Dzina lake Henry Tayali.

Anabadwa mu 1943 ku Serenje koma anakulira ku Bulawayo, komwe bambo ake ankagwira ntchito, monga muja agogo athu ena ankatchonera ku Halale. Luso linamutengera ku yunivesite ya Makerere ku Uganda, kenako ku sukulu ya zojambulajambula ya ku Düsseldorf, dziko la Germany. Kumeneko kunali kale mwambo wa ojambula omwe sankalabadira zoti nkhope ifanane ndendende ndi mwini wake. Iwo ankafuna chithunzi chionetse za mumtima: kutopa, mantha, mkwiyo. Mukaona ntchito za Tayali simungakaike kuti mwambo umenewu unamulowa.

Atabwerera kwawo pakati pa zaka za m'ma 1970, anakhala mphunzitsi wa zaluso pa University of Zambia ku Lusaka. Nthawi imeneyo mtengo wa kopa unali utagwa, moyo wa mutauni utayamba kuthina. Munthu wophunzira ku Ulaya akanatha kumangojambula njovu ndi mathithi, azungu n'kumagula, basi. Iye ankajambula anthu wamba atathithikana kumowa ndi m'misika, nkhope zotopa, matupi opindika. Zithunzi zake zambiri si zokongoletsera pabalaza ayi, koma ukaziona sutha kuchotsapo maso.

Tsono inu osema ziboliboli, apa tcherani khutu. Zina mwa ntchito zake zotchuka ankazisema pathabwa, kupakapo inki, n'kudinda papepala. Pomwe wasema pamatuluka poyera, pomwe wasiya pamatuluka pakuda. Thabwa limodzi, zithunzi zambirimbiri. Zida zake si zachilendo kwa inu, eti?

Ankapanganso ziboliboli zikuluzikulu. Chija chotchedwa The Graduate, cha wophunzira atavala mkanjo womalizira maphunziro, chikadaima pa yunivesiteyo mpaka lero.

Anamwalira mu 1987 ku Aachen, ku Germany komweko, ali ndi zaka 43 zokha. Mukadzafika ku Lusaka, mudzafunse njira ya ku Showgrounds. Kumeneko kuli nyumba yoonetsera zojambula yotchedwa dzina lake, ndipo ojambula a ku Zambia amakakoleka ntchito zawo mmenemo.