Francis de Sales Woyera: Wamtima Wapachala Amene Anaphunzira Kufatsa

Pa 24 Januwale Mpingo umakumbukira Francis de Sales Woyera, episkopi ndi mphunzitsi wa Mpingo. Akhristu padziko lonse amamudziwa ndi khalidwe limodzi, kufatsa. Chodabwitsa n'chakuti iye sanabadwe wofatsa. Anali wamtima wapachala, ndipo mwiniwake ankavomera kuti analimbana ndi mkwiyo wake kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake mbiri yake ikutikhudza tonsefe amene timapsa mtima m'minibasi, kuntchito ndi kunyumba.

Tikati munthu ndi wofatsa, kawirikawiri timanena wosalankhulalankhula, amene sayankha akanyozedwa. Ena amafika poyesa kuti kufatsa n'kupusa. Koma liwu lomweli lili ndi mbali ina. Mayi amasankha mpunga mofatsa, namwino amatsuka chilonda mofatsa, ndiye kuti mosamala ndi mosapupuluma, kuti asawononge chimene chili m'manja mwake. M'Chingerezi khalidweli amati gentleness, liwu limene kale linkanena za kubadwira m'banja lapamwamba, kenaka n'kuyamba kunena za munthu wochita zinthu mokoma mtima ndi mopanda nkhanza. M'Chifalansa, chilankhulo chimene Francis ankalembera, amati douceur, liwu lotanthauzanso kuzuna. Paulo Woyera, m'kalata yake kwa Agalatiya, anaika kufatsa pakati pa zipatso za Mzimu Woyera. Chipatso chimafuna nthawi kuti chipse, ndipo moyo wa Francis ukuonetsa zimenezi.

Francis anabadwa pa 21 Ogasiti 1567 ku Thorens, m'dziko la Savoy, dera lomwe lero lili m'dziko la France. Anali mwana woyamba m'banja lolemera ndi lolemekezeka. Bambo ake ankafuna kuti adzakhale woweruza milandu, choncho anamutumiza kukaphunzira ku Paris, pa sukulu ya ansembe a chipani cha Jesuit. Kumeneko anaphunziranso kukwera hatchi ndi kumenya nkhondo ndi lupanga, monga ankachitira ana a anthu otchuka.

Ali ndi zaka 19 anagwa m'mayesero aakulu. Nthawi imeneyo anthu ophunzira ankatsutsana kwambiri pa nkhani yakuti kaya Mulungu anasankhiratu anthu okapulumuka ndi okatayika. Francis anayamba kukhulupirira kuti iye ali m'gulu la okatayika. Kwa masabata angapo sankadya bwino, tulo tinamuthawa, thupi linatha. Mu Januwale 1587 analowa m'tchalitchi cha Saint-Étienne-des-Grès, nagwada patsogolo pa chifaniziro cha Amayi Maria, n'kudzipereka kukonda Mulungu m'moyo uno mosayang'ana zimene zidzamuchitikire. Mantha aja anamuchokera. Kuyambira pamenepo anadziwa kulemera kwa mtima wosweka, ndipo moyo wake wonse anakana kuopseza anthu ndi dzina la Mulungu.

Anapitiriza maphunziro a zamalamulo ku Padua, m'dziko la Italy. Olemba mbiri yake amasimba kuti anzake ena, poyesa kuti kupemphera kwake ndi mantha, anamubisalira usiku kuti amuopseze. Francis anasolola lupanga ndipo anyamatawo analiyatsa liwiro. Mphamvu anali nazo, chimene ankaphunzira chinali kuzigwira.

Atabwerera kwawo anapeza bambo ake atamukonzera mbeta ndi udindo m'bwalo lalikulu la milandu ku Chambéry. Francis anakana zonse ziwiri popanda mwano, ndipo anadikira mpaka bambo ake atavomera. Anadzozedwa unsembe pa 18 Disembala 1593 mu dayosizi ya Geneva. Masiku amenewo episkopi wa Geneva ankakhala ku Annecy, chifukwa mzinda wa Geneva unali m'manja mwa otsatira chiphunzitso cha John Calvin.

Mu Seputembala 1594 anadzipereka kupita ku Chablais, dera la m'mphepete mwa nyanja ya Geneva kumene Misa inali italekeka kwa zaka pafupifupi 60. Anapita ndi mbale wake, Louis de Sales. Bambo ake anakana kumuthandiza ndi ndalama poopa kuti akaphedwa. Usiku ankagona m'linga la asilikali ku Allinges, m'mawa n'kuyenda wapansi kupita ku tawuni ya Thonon, ngakhale m'nyengo ya chisanu choopsa. Anthu anamutsekera zitseko, ena anamunyoza, ena anafuna kumupha. Akalalika, m'tchalitchi munkakhala anthu owerengeka.

Poona kuti anthu akuopa kubwera kudzamumvera, anayamba kulemba timapepala tofotokoza chikhulupiriro cha Katolika, n'kumatilowetsa pansi pa zitseko za nyumba zawo. Panthawi imene akhristu a mbali zonse ankatukwanana ndi kuphana, iye ankayankha mfundo ndi mfundo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: pa Khirisimasi ya 1596 anachita Misa poyera m'tchalitchi cha ku Thonon. Mu 1597, potumidwa ndi Papa Clement VIII, analowa mu Geneva kukacheza ndi Théodore de Bèze, mtsogoleri amene analowa m'malo mwa Calvin. Nkhalambayo sinasinthe maganizo, koma awiriwa anakambirana mwaulemu.

Pofika 1598 anthu ambiri a ku Chablais anali atabwerera mu Mpingo wa Katolika. Mbiri yoona siyibisa kuti wolamulira dziko la Savoy, Charles Emmanuel, anaikapo dzanja lake lolemera, mpaka kupirikitsa ena amene anakana. Umo ndi mmene mafumu a nthawiyo ankachitira, ndipo lero Mpingo umaphunzitsa kuti munthu asakakamizidwe pa za chikhulupiriro. Chimene akhristu anasunga m'mitima mwawo ndi zaka zija wansembe wachinyamata ankagogoda pa zitseko ali chimanjamanja.

Pa 8 Disembala 1602 anadzozedwa kukhala episkopi wa Geneva. Anayendera maparishi a m'mapiri ovuta kufikako, ankaphunzitsa yekha ana katekisimu ku Annecy, ndipo khomo lake linali lotsekukira aliyense. Anakumana ndi munthu wina wosamva ndi wosalankhula dzina lake Martin, namutengera kunyumba kwake, n'kumuphunzitsa ndi zizindikiro za manja mpaka anatha kulapa ndi kulandira Ukaristia. Pachifukwa ichi Francis ndi nkhoswe ya anthu osamva.

Mu 1604, akulalika m'nyengo ya Lenti ku Dijon, anakumana ndi Jane Frances de Chantal, mayi wamasiye wa ana anayi. Mwamuna wake anali atawomberedwa mwangozi ndi mnzake ali kosaka nyama, ndipo mayiyu ankalephera kukhululukira munthuyo. Francis sanamukalipire. Anamulangiza kuti asadzikakamize kukamufunafuna, koma akonze mtima wake kuti tsiku limene adzakumane adzamulandire mwachifundo. Patapita nthawi, Jane anavomera kukhala mayi wa ubatizo wa mwana wa munthu yemwe uja.

Awiriwa anayambitsa chipani cha asisiteri a Visitation ku Annecy pa 6 Juni 1610. Chipanichi chinkalandira amayi amasiye ndi ena ofooka m'thupi, amene zipani zina zinkawakana chifukwa cha kukhwima kwa malamulo ake. Poyamba asisiteriwa ankatuluka kukaona odwala. Chipani chitafika ku Lyon, arkiepiskopi wa kumeneko anaumirira kuti azikhala m'nyumba yawo osatuluka. Francis anafotokoza maganizo ake, kenaka anagonja kuti ntchitoyo ipitirire mwamtendere.

Buku lake lotchuka, limene m'Chingerezi limatchedwa Introduction to the Devout Life, linatuluka mu 1609. Linachokera m'malangizo amene ankalembera mayi wina wapabanja. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti kuyera mtima n'kwa aliyense: msilikali, wamalonda, wantchito, mayi wa ana, aliyense monga mwa ntchito yake. M'bukumo muli mitu yokamba za kufatsa, ndipo malangizo ake ndi oti munthu angathe kuwayamba lero lomwe. Mkwiyo usaupatse mpata ngakhale ukuoneka ngati uli ndi chifukwa, pakuti ukalowa suchedwa kumera mizu. Ukaona kuti mtima wayamba kuwira, itana Mulungu msanga. Ukalankhula mokalipa kwa munthu, fulumira kuchitira munthu yemweyo chinthu chokoma chilonda chikadali chachiwisi. Kufatsa uziphunzire pamene mtima uli m'malo, monga munthu amatutira m'nkhokwe nthawi yokolola.

Anachenjezanso za anthu amene kunja amaoneka ngati angelo koma kunyumba ndi zilombo. Pamenepa ambirife tikupezekapo. Timadziwa kumwetulira abwana ndi alendo, koma mawu aukali timasungira akazi athu, amuna athu, ana ndi otithandiza ntchito zapakhomo. Kwa Francis, kufatsa kumayesedwa pa anthu amene sangatibwezere. Anaphunzitsanso kuti munthu azifatsa ndi iye mwini. Ena akalakwa amadzikwiyira chifukwa choti anakwiya, ndipo mkwiyo wachiwiriwu umachokera m'kunyada. Wogwa adzuke modekha, alape, apitirize ulendo.

Kufatsa kwake sikunamuletse kunena zoona. Anadzudzula ansembe otayirira, analimbana ndi kukonza nyumba za amonke zimene zinataya mwambo, ndipo anakana maudindo apamwamba ku Paris kuti akhalebe ndi dayosizi yake yosauka. Vincent de Paul Woyera, amene anadziwana naye ku Paris, anachitira umboni kuti poona Francis ankaganiza za kukoma mtima kwa Mulungu mwini.

Kumapeto kwa 1622, ali wodwaladwala, anaperekeza wolamulira wa Savoy pa ulendo wa ku Avignon. Pobwerera anaima ku Lyon, kumene anakana nyumba za anthu olemera n'kusankha kanyumba ka wosamalira dimba la asisiteri a Visitation. Anamwalira komweko pa 28 Disembala 1622, ali ndi zaka 55, ndipo anaikidwa m'manda ku Annecy pa 24 Januwale 1623. Papa Alexander VII anamulengeza kukhala woyera mu 1665, Papa Pius IX anamutcha mphunzitsi wa Mpingo mu 1877, ndipo mu 1923 Papa Pius XI anamuika kukhala nkhoswe ya olemba ndi atolankhani.

Mbewu yake inafika kutali. Mu 1859, ku Turin, John Bosco Woyera anatcha chipani chake dzina la Francis de Sales, pofuna kuti anyamata ovutika aleredwe mwachikondi, osati ndi mkwapulo. Ansembe a chipani chimenechi, a Salesian, ndi omwe akutumikira pa parishi ndi sukulu ya ntchito zamanja ya Don Bosco ku Area 23 mu Lilongwe.

Sabata ino, aliyense wa ife aganizire munthu mmodzi amene amamulankhula mokalipa kawirikawiri, kaya ndi kunyumba, kuntchito, kumphakati kapena pa foni. Tiyambire pa munthu ameneyo. Tikalephera Lolemba, tiyambenso Lachiwiri, podziwa kuti woyera amene tikumukumbukirayu anayambiranso kambirimbiri, maso ake ali pa Ambuye Yesu, mwini mtima wofatsa ndi wodzichepetsa.

Francis de Sales Woyera, mutipempherere.