Gene Roddenberry: anayamba nthano, ena ndiwo anaitsiriza

Pa 24 October 1991 ife kuno tinali kukumbukira zaka 27 za ufulu wa dziko lathu, ndipo maso a aliyense anali pa masankho a zipani zambiri amene anali kudzacitika patapita sabata imodzi. Tsiku lomwelo ku Santa Monica, m'dziko la America, kunamwalira mkulu wina wa zaka 70, a Gene Roddenberry. Ambiri a ife ku Chipangali ndi ku Chipata dzinali ndi lacilendo, koma amene amaonerako mafilimu a zam'mlengalenga amamudziwa Spock, uja wa makutu osongoka. Spock ndi anzake onse a mu Star Trek anacokera m'mutu mwa mkuluyu.

Tikukamba za iwo lero cifukwa ca cimene cinacitikira nthano yao. Sewero lao la pa TV linadulidwa lisanafike kumapeto. Panafunika zaka 22 ndi mafilimu 6 kuti litsirizidwe, ndipo pofika kothera, mwini nthano analibenso mphamvu pa nthano yake.

A Roddenberry anabadwa pa 19 August 1921 ku El Paso, m'cigawo ca Texas, koma anakulira ku Los Angeles kumene atate ao anali apolisi. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, imene agogo athu ena anakamenya ku Burma, iwo anali kuyendetsa ndeke zoponya mabomba za mtundu wa B-17 ku nyanja ya Pacific. Nkhondo itatha analowa nchito ku kampani ya ndeke ya Pan Am. Mu June 1947 ndeke imene analimo inagwa usiku m'cipululu ca ku Syria ndipo anthu oposa khumi anafera pomwepo. Iwo anathyoka nthiti, komabe anathandiza kutulutsa anzao m'moto. Caka cotsatira za ndeke anazisiya. Mu 1949 analowa upolisi ku Los Angeles monga atate ao, ndipo akaweruka anali kulemba masewero a pa TV. Mu 1956 anatula pansi yunifomu kuti azidya za kulemba basi.

Mu 1964, caka cimene mbendera yathu inakwera, anthu awiri okhala kutali kwambiri anali kulota za nyenyezi. Kufupi ndi Lusaka, a Edward Mukuka Nkoloso anali kuphunzitsa acinyamata kuti akafike ku mwezi. Anapempha ndalama ku UNESCO koma sanapatsidwe. Ku Hollywood, a Roddenberry anali kuzungulira m'maofesi ndi ganizo la sewero la ulendo wa m'mlengalenga. Iwo ndalama anazipeza ku kampani ya Desilu, koma mtengo wake unali wakuti nthanoyo ikhale ya kampani. Desilu itagulidwa mu 1967, Star Trek inagwera m'manja mwa Paramount. Owerenga asunge mfundo imeneyi, pakuti zonse zotsatira zagona pamenepa.

Seweroli linayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya NBC pa 8 September 1966. Linali kukamba za combo cochedwa Enterprise, cotumidwa pa ulendo wa zaka zisanu kukafufuza maiko ena kutali ndi dzuwa lathu. Codabwitsa sicinali combo ai, koma anthu okhala m'katimo. Nthawi imene anthu akuda ku America anali kumenyedwa pofuna ufulu wovota, m'cipinda coyendetsera munali mai wakuda waudindo, Uhura, dzina locokera ku liu la Ciswahili lotanthauza ufulu. Munalinso Sulu wa ku Asia, ndipo caka caciwiri anaonjezerapo Chekov wa ku Russia, pamene America ndi Russia anali kulozana mizinga. A Roddenberry anadziwa kuti eni mawailesi salola kukamba poyera za tsankho ndi nkhondo, conco nkhanizo anaziika pa maiko ongopeka, monga mmene agogo amadzudzulira mfumu podzera mwa Kalulu ndi Njovu.

Koma oonera sanali oculuka mokwanira kukondweretsa amalonda. Mu 1968 NBC itafuna kulileka, okonda seweroli, motsogozedwa ndi mai Bjo Trimble ndi amuna ao, analemba makalata ambirimbiri ndipo linapatsidwa caka cina. Komabe analisunthira Lacisanu 10 koloko usiku, nthawi imene acinyamata sakhala panyumba, nacepetsanso ndalama zake. Gawo lotsiriza, la nambala 79, linaoneka pa 3 June 1969. Panalibe kutsazika kulikonse. Ulendo wa zaka zisanu unathera pa zitatu, ndipo patangopita masabata osakwana asanu ndi awiri Neil Armstrong anaponda pa mwezi.

Zaka zotsatira zinali za njala. Ku Hollywood a Roddenberry anali kuonedwa ngati munthu wa sewero lolephera. Ca m'ma 1970 Paramount inali yokonzeka kuwagulitsa umwini wonse wa Star Trek pa madola 150,000, koma iwo ndalamazo analibe. Anayesa masewero ena monga Genesis II ndi The Questor Tapes, osapita patali. Cakudya anali kucipeza pokamba nkhani m'makoleji. Pamenepo n'kuti mawailesi ang'onoang'ono akubwereza magawo 79 aja madzulo alionse, ndipo ana a sukulu amene sanalione poyamba analikonda koopsa. Mu 1972 okonda seweroli anacita msonkhano waukulu ku New York. Mu 1976 makalata ao anacititsa boma la President Gerald Ford kucha combo ceniceni ca NASA dzina la Enterprise.

Filimu ya Star Wars itakolola ndalama zambiri mu 1977, Paramount inakumbukira kuti nayonso ili ndi combo m'nkhokwe. A Roddenberry anaitanidwa, ndipo pa 7 December 1979 kunatuluka Star Trek: The Motion Picture, ndi osewera omwe aja, William Shatner monga Kirk ndi Leonard Nimoy monga Spock. Anthu anapita kukaonera, koma filimuyo inadya madola oposa 40 miliyoni ndipo ambiri anadandaula kuti ikuyenda pang'onopang'ono. Kampani inaloza cala mwini nthano. Anawacotsa pa mpando woyendetsa nchito n'kuwapatsa udindo wa mlangizi. Anali kulandira malipiro, anali ndi ufulu wowerenga zolembedwa ndi kupereka maganizo, koma panalibe wokakamizidwa kuwamvera.

Kucokera apo nthano inayenda m'manja mwa ena, makamaka Harve Bennett, Nicholas Meyer ndi Leonard Nimoy mwini. Iwowa anacita cimene sewero la pa TV silinathe kucita: analola anthu a m'nthano kukalamba ndi kutaya zao. Mu filimu ya 1982, imene inadya ndalama zocepa kwambiri poyerekeza ndi yoyamba, Kirk akuvala magalasi owerengera ndipo Spock akufa populumutsa anzake. Mu ya 1984 combo Enterprise cikuonongeka. Zambiri mwa izi a Roddenberry anazitsutsa m'makalata ataliatali, ponena kuti anthu a m'tsogolo sayenera kukhala ngati asilikali a lero. Oonera anagwirizana ndi enawo. Mtima wao mkuluyu anauika pa sewero latsopano, Star Trek: The Next Generation, limene linayamba mu 1987 ndipo linakhala zaka zisanu ndi ziwiri.

Filimu yotseka, Star Trek VI: The Undiscovered Country, inatenga nkhani yake ku zocitika za masiku amenewo. Adani akale a Kirk, a mtundu wa Klingon, akugwa m'mavuto malo ao opangira mphamvu ataphulika, monga zinacitikira ku Chernobyl mu 1986, ndipo mtsogoleri wao akupempha mtendere monga anacitira Mikhail Gorbachev. Kirk, amene mwana wake anaphedwa ndi anthu amenewa, sakufuna kukhululuka. Apa ndi pamene a Roddenberry anakwiya kwambiri. Sanafune kuti anthu amene anawalenga kuti aonetse dziko lopanda tsankho aoneke ali ndi tsankho mumtima. Meyer sanagonje. Mkuluyu anaionera filimuyo ali wodwala kale, kutatsala masiku ocepa kuti amwalire. Inatuluka pa 6 December 1991 ili ndi dzina lao kumayambiriro, ndipo kumapeto osewera asanu ndi awiri aja anasaina maina ao pa cinsalu, kutsazika oonera. Mwezi womwewo dziko la Soviet Union linatha.

Ife tikuona kuti pa mkanganowu a Roddenberry ndiwo analakwa. Nthano ya munthu amene sanadanepo ndi wina siphunzitsa kukhululuka. Kirk wokalamba, wovutika kugwira dzanja la mdani, ali pafupi ndi ife kuposa Kirk wopanda banga. Komanso tisaiwale kuti popanda maloto a mkuluyu, enawo akanasowa cotsiriza.

Sanali woyera mtima. Analemba mau a nyimbo yotsegulira sewero, mau amene sanaimbidwe m'seweromo, n'colinga cakuti azigawana ndalama ndi woipeka, Alexander Courage. Olemba anzao anali kudandaula kuti ulemu wonse umapita kwa iwo okha, pamene anthu monga Gene Coon ndi mai Dorothy Fontana anamanga mbali yaikulu ya nyumbayo. Mutu umodzi susenza denga, koma iwo sanali kufulumira kuchula anzao osenza nao. Atamwalira, mbali ya phulusa lao inakwera m'mlengalenga ndi combo ca Columbia mu 1992.

Njira imene Star Trek inalambula ena anadutsamo. Sewero la Firefly, limene linadulidwa mu 2002 atangojambula magawo 14, linatsirizidwa ndi filimu ya Serenity mu 2005. Farscape inapatsidwa mathero ake mu 2004, ndipo Stargate SG-1 inamanga mfundo zake zotsala mu The Ark of Truth mu 2008. Eni makampani anaphunzira kuti oonera amene asiyidwa pakati pa mtsinje amalipira kuti awoloke.

Kuno kwathu njala ya nthano timaidziwa. Amene anakula akumvera Poceza M'madzulo ya malemu Julius Chongo akukumbukira mmene mudzi unali kukhalira cete pozungulira wailesi imodzi. Lero ku Chipata ndi m'maboma ozungulira kuli magulu a acinyamata ocita masewero pa mawailesi ndi ojambula mafilimu ndi mafoni. Ambiri amadalira wothandiza mmodzi, ndipo thandizo likauma sewero limangozimirira, omvera osadziwa ngati ukwati uja unacitika kapena wakuba uja anagwidwa. Omverawo anapereka nthawi yao, ena mabatire ao, ndipo ali ndi ngongole imene ayenera kubwezeredwa.

Mlimi wa fodya ku Chipangali amadziwa kuti amene wakupatsa mbeu ndi feteleza pa ngongole ndiye amakhala ndi mau pa tsiku logulitsa. Wolemba nayenso adziwe zimenezi. Asanasaine pepala lililonse, afunse kuti nthanoyo idzakhala ya yani thandizo likatha, ndipo aonetsetse kuti yankho lalembedwa. Asanaulutse gawo loyamba, akhale atadziwa mmene adzatsekera nkhani ngati atauzidwa kuti kwatsala magawo awiri okha. A Roddenberry anali ndi mwai wakuti oonera anawamenyera nkhondo zaka khumi mpaka combo cao cinaukanso. Olemba athu ambiri mwai wotere sadzaupeza, conco mathero awakonzeretu okha.