Mayi Fanny Crosby: Wosaona Amene Anapatsa Mpingo Nyimbo

Pamene tikukumbukira zaka za gulu lathu, nkoyenera kuti tikumbukirenso mayi mmodzi amene nyimbo zake zina timayimba m'chinenero chathu, ngakhale ambiri sitidziŵa mbiri yake.

Fanny Crosby anabadwa pa 24 Malichi 1820 m'chigawo cha New York ku America. Anthu anazindikira kuti sakuona ali khanda la milungu 6, ndipo bambo ake anamwalira iye asanakwanitse chaka. Mayi ake, a Mercy, anakaloŵa ntchito ya m'nyumba kuti apeze chakudya, ndipo mwanayo anatsala ndi agogo ake, a Eunice.

Agogoŵa sanamubise m'nyumba ayi. Ankamufotokozera maonekedwe a mbalame ndi maluŵa, namuŵerengera Buku Lopatulika. Pofika zaka 15, mtsikanayu anali ataloŵeza pamtima Mauthenga Abwino anayi, mabuku asanu a Mose, Miyambo ndi Masalimo ambiri.

M'chaka cha 1835 analoŵa sukulu ya osaona mumzinda wa New York, ndipo pambuyo pake anakhala mphunzitsi pomwepo. Mliri wa kolera utagwa mu 1849, iye sanathaŵe, koma anatsala kudwazika odwala. Mu 1858 anakwatiwa ndi Alexander van Alstyne, woimba amene analinso wosaona. Mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira ali wakhanda. Chisoni chimenechi ambiri a ife tikuchidziŵa.

Koma mtima wawo sunagwe mphwayi. Mu 1864, ali ndi zaka zoposa 40, Mayi Crosby anayamba kupeka nyimbo za Mulungu pothandizana ndi William Bradbury. Ankakonza mawu onse m'mutu, kenaka nkuuza munthu wina kuti alembe. Nyimbo zawo zinapitirira 8,000, kotero kuti osindikiza ankaikapo maina ena ongopeka, poopa kuti buku lonse lingaoneke ngati la munthu mmodzi. Ira Sankey, amene ankaimba pamisonkhano ya mlaliki Dwight Moody, anazifalitsa kutali.

Pa nyimbo iliyonse ankalandira dola imodzi kapena aŵiri basi. Ankakhala m'nyumba zalendi za anthu osauka, nagaŵira ena zochepa zomwezo, ndipo ankayendera zidakwa ndi osoŵa pogona kudera la Bowery. Anamwalira ku Bridgeport pa 12 Febuluwale 1915, ali ndi zaka 94.

Amayi anzanga, m'midzi mwathu muli ana osaona, osamva ndi opuwala miyendo amene amatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha manyazi. Agogo a Eunice akanachita chomwecho, mpingo ukanasoŵa nyimbo zimenezi. Tikamayendera mabanja, tifunse za ana otere. Tilimbikitse makolo awo kuti aŵatumize kusukulu, ndipo Lamulungu tiŵagwire dzanja kupita nawo kutchalitchi.