Hildegard Peplau, namwino yemwe adakana kungokhala mlonda wa odwala maganizo

Ngati mudaperekezapo m'bale wodwala matenda a maganizo kuchoka ku Golomoti kupita kuchipatala cha Mua kapena cha boma ku Dedza, mukudziwa kuti amene amakhala naye pansi n'kumufunsa chomwe chikumusautsa kawirikawiri ndi namwino. Madokotala a ukatswiri wa matendawa m'dziko muno ndi owerengeka. Kuti kucheza kotereku kuziwerengedwa ngati chithandizo chenicheni, wina adachita kukulimbikira: mayi wa ku America, Hildegard Peplau.

Adabadwa mu 1909 mumzinda wa Reading ku Pennsylvania, ndipo adamaliza maphunziro a unamwino mu 1931. Masiku amenewo namwino wa m'chipatala cha amisala ankangosambitsa odwala, kuwadyetsa, kukiya zitseko ndi kudikira lamulo la dokotala. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse Peplau adatumikira ku England, pachipatala cha asilikali omwe nkhondo idawasokoneza mutu.

Mu 1948 adamaliza kulemba buku lotchedwa Interpersonal Relations in Nursing, lofotokoza kuti ubale wa namwino ndi wodwala nawonso ndi mankhwala. Bukulo lidatuluka mu 1952, patapita zaka zinayi, chifukwa osindikiza ankakayika kuti namwino angalembe yekha popanda dzina la dokotala pachikuto. Chaka chomwecho cha 1948 n'chimene atsamunda kuno adakhazikitsa lamulo la Mental Treatment Act, lomwe dziko lino lidayenda nalo zaka zoposa 70. Tangoganizani.

Kuyambira 1954 adaphunzitsa pa yunivesite ya Rutgers, komwe adayambitsa maphunziro a ukachenjede a anamwino a matenda a maganizo. Patchuthi ankayendera zipatala za boma kuphunzitsa anamwino kufunsa ndi kumvetsera wodwala.

Sadalekere m'kalasi. Adatsogolera bungwe la American Nurses Association kuyambira 1970 mpaka 1972, kenaka adakhala m'bodi ya bungwe la anamwino a dziko lonse, International Council of Nurses, kuyambira 1973 mpaka 1981. Adalinso mlangizi wa bungwe la WHO. Kumeneko n'komwe amakambirana zomwe anamwino aziphunzira ndi mphamvu zomwe azipatsidwa, nkhani zomwe zimadzafika mpaka kuchipatala chanu chaching'ono.

Mu 1997 adalandira mphotho ya Christiane Reimann, yapamwamba kwambiri m'bungwe la anamwino a dziko lonselo. Adamwalira pa 17 March 1999 ku California ali ndi zaka 89.