Élie Metchnikoff: Mkulu amene adati tizilombo tigonjetsedwe ndi tinzake

Nkhuku zikayamba kuwodzera ndi kutsegula m'mimba m'midzi ya ku Mphunzi m'boma la Dedza, si alimi onse amene amathamangira kwa alangizi a ziweto. Ena amangogula makapisozi a anthu n'kuwasungunula m'madzi akumwa a nkhukuzo. Mchitidwewu uli ponseponse m'dziko muno, ndipo ukuthandizira kuti tizilombo toyambitsa matenda tileke kumva mankhwala.

Nkhaniyi si yamasewera. Kafukufuku amene adatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet m'chaka cha 2022 adapeza kuti mu 2019 mokha anthu 1.27 miliyoni padziko lonse adamwalira kaamba ka mabakiteriya osamva mankhwala. Bakiteriya amene wazolowera mankhwala m'mimba mwa nkhuku kapena nkhumba sathera m'khola. Amafika kwa munthu kudzera m'nyama, m'manyowa ndi m'madzi.

Pofunafuna njira ina, akatswiri abwerera ku ganizo la mkulu wina amene adatisiya zaka zoposa 100 zapitazo, penisilini asadatulukiridwe n'komwe. Mkuluyu ndi Élie Metchnikoff, amene adaphunzitsa kuti m'matumbo muli mabakiteriya abwino omwe angathe kutchinga njira ya oipa.

Metchnikoff adabadwa pa 15 May 1845 m'mudzi wa Ivanovka, kufupi ndi mzinda wa Kharkiv. Lero deralo lili m'dziko la Ukraine, koma panthawiyo lidali m'manja mwa Russia. Iye adali mzime m'banja la ana asanu ndipo bambo ake adali msilikali waudindo. Akuti ali wamng'ono ankasonkhanitsa ana anzake n'kumawaphunzitsa za zomera ndi tizilombo, ndipo kuti asamuthawe ankawalipira ndalama za m'thumba mwake.

Adafuna kuphunzira udokotala koma mayi ake, a Emilia, adamuletsa poona kuti ngwamtima wosachedwa kusweka. M'malo mwake adaphunzira za nyama pa yunivesite ya Kharkiv, pomwe maphunziro a zaka zinayi adawamaliza m'zaka ziwiri zokha. Pofika 1870, ali ndi zaka 25, adali kale pulofesa mumzinda wa Odessa.

Mayi aja sadaname. Mkazi wake woyamba, Ludmila, ankadwala chifuwa chachikulu moti patsiku laukwati wawo mu 1869 adachita kumunyamula pampando polowa m'tchalitchi. Atamwalira mu 1873, Metchnikoff adayesa kudzipha koma adapulumuka. Mu 1875 adakwatira Olga, ndipo nayenso atadwala taifodi mwakayakaya mu 1880, bamboyu adadzibaya dala magazi a munthu wodwala matenda ena oopsa. Adadwaladi kwambiri, koma onse awiri adachira.

Zinthu zidatembenuka mu 1882. Atatopa ndi mikangano ya ndale pa yunivesite, adasiya ntchito n'kupita ndi banja lake ku Messina m'dziko la Italy. Kumeneko ankayang'ana pamaikulosikopu ana a kanyama ka m'nyanja kooneka ngati nyenyezi, omwe thupi lawo limaonekera mkati ngati galasi. Tsiku lina adatenga minga ya duwa la rozi n'kubaya nayo tinyamato. Kutacha adapeza maselo oyendayenda ataizinga minga ija.

Apa mpamene adazindikira kuti thupi lili ndi asilikali akeake amene amameza adani olowa. Madokotala ambiri, makamaka a ku Germany, adamutsutsa kwa zaka zambiri, ndipo iye, pokhala munthu wamkamwa, sankalola kuti mtsutso umudutse. Komabe ntchitoyi ndiyo idamupatsa mphoto ya Nobel mu 1908, yomwe adagawana ndi Paul Ehrlich.

Pankhani ya ziweto, mkuluyu adalawako zowawa. Mu 1886 adamusankha kutsogolera malo opangira katemera ku Odessa. Iye ali kwina, womuthandiza wake adabaya nkhosa za mwini esiteti wina katemera wa matenda a anthrax, ndipo nkhosa zikwizikwi zidafa. Nyuzipepala zidamukhalira m'khosi, pomwe madokotala a mumzindawo adali akumunyoza kale kuti alibe pepala la udokotala. Mu 1888 adasamukira ku Paris komwe Louis Pasteur adamupatsa malo ogwirira ntchito, ndipo sadachokekonso.

Ganizo la mabakiteriya abwino lidabadwa ndi kolera. Mliriwu utavuta ku Ulaya mu 1892, Metchnikoff adamwa dala madzi okhala ndi tizilombo ta kolera, koma sadadwale. Anthu ena odzipereka adamwanso. Wina sadamve kalikonse, koma wina adadwala mpaka kutsala madzi amodzi. Lero kafukufuku wotere angamulowetse munthu m'chitokosi.

Koma funso lidatsala. Chifukwa chiyani tizilombo tomwetomweto tigwetse munthu mmodzi n'kumusiya mnzake? Atayesa m'mbale za mu labotale komanso pa tiana ta akalulu toyamwa, adaona kuti mabakiteriya ena amathandiza kolera kuswana pomwe ena amamulepheretsa. Adatsimikiza kuti zimene zili kale m'matumbo n'zimene zimalamula ngati mlendo woipayo akhazikike kapena ayi.

Mu 1903, chaka chimene amishoni ankatsegula mishoni ya Mphunzi, Metchnikoff adali atatembenukira ku nkhani ya ukalamba. Ankakhulupirira kuti munthu amakalamba msanga chifukwa cha poizoni wochokera ku mabakiteriya owoletsa zakudya m'matumbo aakulu. Atamva kuti alimi a ku Bulgaria, omwe amamwa chambiko tsiku ndi tsiku, amakhala zaka zambiri, adati chinsinsi chili pamenepo. Mu 1905 mnyamata wa ku Bulgaria komweko, Stamen Grigorov, adapeza bakiteriya amene amasasitsa mkakawo. Metchnikoff adafotokoza kuti bakiteriyayu amasandutsa shuga wa mumkaka kukhala asidi, ndipo mabakiteriya owoletsa sapirira asidiyo. Zonsezi adazilemba m'buku lake la mu 1907.

Anthu a ku Paris ndi London adachita misala ndi yogati, mpaka kumagula m'mafamase ngati mankhwala. Mlimi wa ku Dedza amene adakulira chambiko ndi thobwa akadangoseka.

Pano mpofunika kunena zoona: zambiri mkuluyu adaphonya. Ukalamba suchokera m'matumbo aakulu, ndipo akatswiri ena adadzapeza kuti bakiteriya wa ku Bulgaria uja sakhazikika n'komwe m'matumbo a munthu. Mwini wake, ngakhale ankamwa chambiko tsiku lililonse, adamwalira ndi nthenda ya mtima pa 15 July 1916 ali ndi zaka 71, nkhondo yoyamba yapadziko lonse ili mkati. Thupi lake adalitentha monga adafunira, ndipo phulusa lake lidasungidwa m'laibulale ya Pasteur Institute.

Alexander Fleming atatulukira penisilini mu 1928 ndipo mankhwalawa atayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1940, ganizo la Metchnikoff lidakwiririka. Cha m'ma 1950 akatswiri ku America adaona kuti anapiye ndi ana a nkhumba amakula msanga akamawasakanizira timankhwala totere m'chakudya, ndipo mafamu akuluakulu adayamba kudyetsa mankhwala ngakhale ziweto zosadwala. Mabakiteriya adapeza mpata wozolowera.

Chodabwitsa n'chakuti ganizo lija lidadzukira m'khola la nkhuku. Mu 1973 katswiri wa ku Finland, Esko Nurmi, ankafufuza chifukwa chimene anapiye oswedwa ndi makina ankagwidwa msanga ndi bakiteriya wa Salmonella. Adapeza kuti anapiyewa sakumana ndi make, kotero m'matumbo mwawo mumakhala mopanda kanthu. Atawamwetsa zam'matumbo a nkhuku zazikulu zathanzi, Salmonella adasowa pokhala. Mwanapiye wa m'mudzi amene amatsatira make n'kumajompha pomwe pagwa zitosi amalandira chitetezochi mwaulere, pomwe wa tsiku limodzi wogula m'katoni alibe.

Mabakiteriya otere ndiwo lero akutchedwa maprobiotic. Amalanda malo ndi chakudya m'matumbo, amatulutsa asidi, ndipo amadzutsa asilikali a m'thupi omwe aja Metchnikoff adawaona ku Messina. Chidwi pa iwo chidakula maiko a mu European Union ataletsa, kuyambira pa 1 January 2006, kudyetsa ziweto maantibayotiki pofuna kuti zinenepe. Dziko la Malawi nalo lidakonza ndondomeko yolimbana ndi vuto la kusamva mankhwala ya zaka za 2017 mpaka 2022, yomwe idakhudza anthu ndi ziweto zomwe.

Komatu mlimi asatengeke monga adatengekera anthu a ku Paris. Maprobiotic amateteza, sachiza chiweto chomwe chagona kale, ndipo zotsatira zake zimasiyana malinga ndi mtundu wa bakiteriya, chakudya komanso ukhondo wa m'khola. Chinanso, matenda amene amapululutsa ziweto ku Mphunzi, chitopa cha nkhuku ndi chigodola cha nkhumba, amayamba ndi mavairasi. Pamenepo kapisozi sathandiza, chambikonso sichithandiza. Chitopa chimafuna katemera wa I-2 wodonthezera m'diso, pomwe chigodola chilibe mankhwala kupatula kutsekera nkhumba m'khola ndi kupewa nyama yochokera komwe kwagwa matendawa.

Olga adakhala zaka zina 28 mwamuna wake atamwalira, ndipo ndiye adalemba mbiri ya moyo wake, yomwe idatuluka mu 1920. Awiriwa sadakhale ndi mwana.